Makina owotchera khansa afika, tsopano boma liphunzitse odziwa masamu ake

Chiyambire pamene makina owotchera khansa anayamba kugwira ntchito m'dziko muno, pabuka mtsutso umene ukumveka m'maminibasi a pa msewu wa ku Nsanje, m'magulu a pa WhatsApp ngakhalenso pa masiwa. Mbali imodzi ikuti boma liphunzitse ndi kulemba ntchito akatswiri a masamu ndi fizikisi, kuti wodwala aliyense aziwerengeredwa mlingo wa cheza chowotcha khansa chimene makinawo amatulutsa, wogwirizana ndi thupi lake, chotupa chake ndi moyo umene akukhala. Mbali ina ikuti zimenezo ndi za mayiko olemera. Ife osauka tingotsata mlingo umodzi wolembedwa m'buku, aliyense alandire chimodzimodzi, ndalama zotsalazo zipite ku katemera ndi ku mankhwala amene akusowa m'zipatala zing'onozing'ono. Ine ndili mbali yoyamba ija, ndipo chondiikako ndi chakuti ndine wa kuno ku chigwa cha Shire. Wodwala wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje amafika ku chipatala chachikulu mochedwa, chotupa chitakula, magazi atachepa, ndipo msewu ukhoza kumudukira ali pakati pa chithandizo. Munthu woteroyo ndi amene akufunika masamu amenewa kuposa wodwala wa ku London amene chipatala chili kuseri kwa nyumba yake.

Tikumbutsane kaye kumene tachokera. Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi kwambiri padziko lonse. Chiwerengero cha bungwe la WHO cha 2020 chinasonyeza kuti amayi opitirira 4,000 amapezeka ndi matendawa pa chaka, ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira nawo. Khansa ya kum'mero nayonso ndi yochuluka kuno kuposa m'mayiko ambiri. Komabe kwa zaka zonsezi dziko lathu linalibe makina a radiotherapy, owotchera khansa aja. Amwayi ochepa ankatumizidwa ku India, ku Tanzania, ku Zambia kapena ku Kenya, otsalawo n'kubwerera kumudzi ndi mankhwala opha ululu basi. Mu 2022 bungwe la IAEA, loona za mphamvu ya nyukiliya padziko lonse, linakhazikitsa pologalamu ya Rays of Hope yothandiza mayiko kupeza chithandizo chowotcha khansa, Malawi ali m'gulu la mayiko oyamba kuthandizidwa. Mu 2024 chipatala cha khansa chomwe si cha boma chinatsegulidwa ku Blantyre, ndipo mu 2025 boma linatsegulira National Cancer Centre pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Makinawa tinawalirira nthawi yaitali, tsono akuluakulu anati walira mvula walira matope. Makina oterewa sayenda popanda munthu wowerengetsa. Masamu alimo kale. Chimene tikukangana ndi chakuti masamuwo aziwerengera ndani, wodwala wa m'buku kapena mayi weniweni amene wagona pansi pa makinawo.

Kuti mtsutsowu umveke bwino, tiyenera kudziwa chimene chimachitika m'chipinda muja. Makina amaponya cheza champhamvu chimene chimadula DNA, chinthu chosunga malangizo a moyo wa m'maselo, selo n'kulephera kuberekana kenako n'kufa. Vuto ndi lakuti chezacho sichisankha. Popita pa chotupa cha pa khomo la chiberekero chimadutsanso m'chikhodzodzo ndi m'matumbo, ndipo chikachuluka munthu akhoza kuchira khansa koma n'kutsala ndi bala la mkati losapola moyo wake wonse. M'zaka za m'ma 1920, dokotala wina wa ku Paris, Claudius Regaud, anayesa chezachi pa nkhosa zamphongo pofuna kuzisiyitsa kubereka. Akapereka mlingo wonse kamodzi, khungu linkawonongeka koopsa. Akaugawa pang'onopang'ono kwa masiku angapo, cholinga chinkatheka khungu osawonongeka kwambiri. Apa ndi pamene panachokera mwambo wopatsa wodwala cheza chochepa tsiku lililonse, Lolemba mpaka Lachisanu, kwa masabata angapo. Muyeso wa chezachi ndi gray, amaulemba Gy, ndipo mwa chizolowezi wodwala amalandira pafupifupi 2 Gy pa tsiku. Maselo abwino amadzikonza usiku kuposa mmene maselo a khansa amachitira, ndipo kusiyana kumeneku ndi kumene chithandizo chonse chatsamirapo.

Masamu amabwera poyeza kusiyanako. Akatswiri ali ndi njira yowerengetsera yotchedwa linear-quadratic, imene wasayansi wa ku Britain, Jack Fowler, anathandiza kwambiri kuifalitsa m'zaka za m'ma 1980. Imanena kuti kuwonongeka kwa maselo kuli ndi mbali ziwiri: ina imakwera molingana ndi mlingo, ina imakwera mothamanga mlingo wa tsiku limodzi ukamakula. Mtundu uliwonse wa maselo uli ndi nambala yake yosonyeza mbali imene ili yamphamvu. Zotupa zambiri zokula msanga nambala yake ndi pafupifupi 10, pamene ziwalo zochedwa kusonyeza bala, monga matumbo ndi chikhodzodzo, ndi pafupifupi 3. Onani chimene chimatuluka. Mukapereka 4 Gy tsiku limodzi m'malo mwa 2 Gy masiku awiri, chiwerengero chonse ndi chomwecho, koma mphamvu yake pa chotupa imakwera ndi pafupifupi 17 peresenti, pamene pa matumbo imakwera ndi 40 peresenti. Choncho munthu wosadziwa masamuwa, wongoganiza kuti ziwiri kuphatikiza ziwiri ndi zinayi, akhoza kuvulaza wodwala ali ndi mtima wofuna kumuthandiza.

Tsopano tiyerekeze mayi wa kutsidya kwa Shire, cha ku Makhanga, amene wapezeka ndi khansa ya khomo la chiberekero itapitirira pofunika opaleshoni. Chithandizo chovomerezeka ndi cheza cha kunja kwa thupi masiku pafupifupi 25, kemo ya cisplatin kamodzi pa sabata, kenako cheza choikidwa mkati pafupi ndi chotupacho, chimene amachitcha brachytherapy. Zonsezi ziyenera kutha m'masabata 8, ndiye kuti masiku 56. Kafukufuku wa m'mayiko angapo anasonyeza kuti tsiku lililonse lopitirira pamenepo limachotsa pakati pa theka la peresenti ndi peresenti imodzi pa mwayi wogonjetsa chotupacho, chifukwa maselo a khansa otsala amayamba kuberekana mofulumira akangopeza mpata. Mayi uja wayamba mu Januwale. Sabata yachitatu, uthenga wabwera kuti mwana wadwala kapena kwagwa maliro a wachibale, gadiyani wake ufa wamuthera, awiriwo akwera basi kuti akabwerenso Lamlungu. Usiku womwewo mvula yagwa ku mapiri a Thyolo ndi Mulanje, mtsinje wa Ruo wasefukira, Shire wadzaza. Ife amene tinaona namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 tikudziwa zotsatira zake: msewu wa M1 kuduka m'malo angapo, madera ena osafikika koma pa bwato. Nthawi ya Ana ija, malo opangira magetsi a Kapichira anawonongeka, dziko n'kutaya pafupifupi ma megawatt 130 kwa nthawi yaitali, kotero kuti ngakhale wodwala wosachoka pa chipatala akhoza kujomba chifukwa cha magetsi kapena makina kuwonongeka.

Mayiyu akadzabwerera patapita masiku khumi, buku la mlingo umodzi lilibe chomuuza dokotala. Kungopitiriza pomwe anasiyira ngati palibe chachitika ndi kumupatsa chithandizo chofooka, khansa n'kudzabweranso chaka chamawa. Kungochulukitsa mlingo wa tsiku ndi kuwotcha matumbo, monga taonera pamwambapa. Koma katswiri wa fizikisi ya zachipatala amakhala pansi ndi dokotala n'kuwerengetsa: watsala ndi masiku angati kuti akwane 56, chotupa chabwezera zochuluka bwanji pa masiku ojombawo, ziwalo zabwino zalandira kale zingati, ndipo zingapirire zingati zoonjezera. Akatero amasankha njira, mwina kumuwotcha Loweruka, mwina kawiri pa tsiku motalikitsa maola osachepera 6 kuti maselo abwino apume, mwina kusintha pang'ono mlingo wa masiku otsalawo. Ku Britain, bungwe la Royal College of Radiologists linalemba kale malangizo a mawerengedwe amenewa, ngakhale kuti kwawoko kujomba ndi kwa apo ndi apo. Kuno kujomba kudzakhala kwa tsiku ndi tsiku. Ichi ndicho chifukwa changa chachikulu, ndipo ndikufuna chikhale m'maganizo pamene tikumva zimene otsutsa akunena.

Otsutsa oyamba, amenenso ndimawalemekeza kwambiri chifukwa ambiri ndi anamwino ndi alangizi a zaumoyo, akuti ndalama ndi zochepa ndipo kupewa kumaposa kuchiza. Katemera wa HPV, kachilombo koyambitsa khansa ya khomo la chiberekero, katemera amene anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019, ndi wotchipa poyerekeza ndi makina. Kuyeza khomo la chiberekero ndi vinega kumatheka pa chipatala chaching'ono, ndipo zizindikiro zoyamba zimawotchedwa pomwepo tsiku lomwelo. Akufunsa kuti bwanji tilipire munthu wokhala pa kompyuta ku Lilongwe pamene mtsikana wa kwa Chapananga sanabayidwe katemera. Pa kufunika kwa katemera akunena zoona, ndipo aliyense wochotsa ndalama za katemera kuti agulire kompyuta ndingatsutsane naye. Komabe katemera woperekedwa lero kwa mtsikana wa zaka 9 adzaonetsa phindu lake patapita zaka makumi awiri kapena atatu. Amayi ake a mtsikanayo, amene akutaya magazi panopa, katemera sangawathandize. Kuwonjezera apo, makina agulidwa kale ndi ndalama zankhaninkhani, ndipo malipiro a akatswiri ochepa ndi kachigawo kakang'ono poyerekeza ndi mtengo wa makina ndi nyumba yake ya zipupa zochindikala. Kugula makinawo n'kukana kulipira munthu wowagwiritsa ntchito moyenera ndiko kuwononga ndalama kwenikweni. Ndiwakumbutsenso anzangawa kuti zolinga za WHO za 2020, zoti pofika 2030 atsikana 90 pa 100 abayidwe katemera, amayi 70 pa 100 ayezedwe, ndipo 90 pa 100 mwa opezeka ndi vuto alandire chithandizo, zinakhazikitsidwa mothandizidwa ndi masamu olosera a mtundu womwewu. Nambala yachitatu ija, ya chithandizo, ili m'pangano lomwelo.

Otsutsa achiwiri akulankhula za chilungamo, ndipo mantha awo ndimawamva chifukwa ndi mantha a munthu wa kumudzi amene anazolowera kuikidwa kumapeto kwa mzere. Akuti mlingo ukakhala umodzi kwa onse, palibe kukondera. Koma mukangolola kuti uyu alandire masiku 25, uyo masiku 5, mwatsegula khomo: bwana wa m'tauni adzalandira chithandizo chonse, mayi wa ku Marka adzapatsidwa chachidule kuti achoke msanga pa bedi. Yankho langa likuyambira pa zimene tonse tinaziona ku sukulu. Azaumoyo akabwera ndi mankhwala a likodzo, amaimika ana mmodzimmodzi pa mtengo woyezera msinkhu, wamfupi n'kupatsidwa mapiritsi ochepa, wamtali ochuluka. Palibe kholo limene limapita kwa ahedi kukadandaula kuti mwana wake wamanidwa, chifukwa aliyense amaona mtengowo ndi mizere yake, ndipo amamvetsa kuti kupatsa onse mofanana kungapweteke wamng'ono ndi kusiya wamkulu asanachire. Chimene chimateteza chilungamo pamenepo ndi muyeso woonekera poyera umene munthu wina angaubwereze n'kupeza yankho lomwelo. Masamu a cheza ndi otero. Amalembedwa m'faelo, ali ndi dzina la wowerengetsa ndi la wotsimikizira, ndipo dokotala wina akhoza kuwafufuza. Kukondera kumabisala bwino pamene munthu akusankha ndi maso okha.

Ndiponso chithandizo chachidule chija si chopangira amphawi. Chinayesedwa pa odwala a m'mayiko olemera ndipo ndicho akulandira iwowo lero. Masamu aja anasonyeza kuti khansa ya m'mawere ndi ya prostate, kachiwalo ka abambo ka pansi pa chikhodzodzo, si zofanana ndi zotupa zina: nambala yake ndi yotsika, kufupi ndi ya ziwalo zabwino, kotero kuti kugawa cheza m'timagawo ting'onoting'ono kwa masabata ambiri kulibe phindu lalikulu pa matenda amenewa. Madokotala anayesa zimenezi pa anthu. Kafukufuku wa ku Britain wotchedwa START anatsitsa masiku a khansa ya m'mawere kuchoka pa 25 kufika pa 15. Wina wotchedwa FAST-Forward, wa amayi opitirira 4,000, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2020, anapeza kuti 26 Gy m'masiku 5 okha amagwira ntchito mofanana ndi masiku 15 aja kwa amayi ambiri ochitidwa opaleshoni khansa isanafalikire. Kwa abambo, kafukufuku wa CHHiP mu 2016 anatsitsa masiku kuchoka pa 37 kufika pa 20. Kwa munthu amene khansa yalowa m'mafupa ndipo akubuula usiku wonse, 8 Gy kamodzi kokha imachepetsa ululu mofanana ndi masiku angapo. Taganizirani tanthauzo lake kwa mayi wa ku Bangula: sabata imodzi ku chipatala m'malo mwa masabata asanu, gadiyani osasiya munda wa mapira kapena wa thonje mwezi wathunthu, mbuzi osagulitsidwa kuti apeze ya chakudya. Kwa boma, malo amene akanakhalapo mayi mmodzi pa makina akhalapo amayi asanu. Koma si wodwala aliyense amene angafupikitsiridwe, ndipo pa khansa ya khomo la chiberekero kufupikitsaku kukadali pa kafukufuku. Wodziwa kusiyanitsa woyenera ndi wosayenera, ndi kuonetsetsa kuti cheza chachikulucho chikugwa pamalo pake osakhudza mtima kapena mapapo, ndi katswiri yemwe uja amene tikuuzidwa kuti ndi wosafunika.

Otsutsa achitatu akuti kompyuta imalakwa, ndipo kulakwa kwake kumapha. Ali ndi umboni. Ku Panama, pakati pa 2000 ndi 2001, odwala 28 pa chipatala cha khansa cha boma analandira cheza chopitirira muyeso chifukwa cha mmene manambala analowetsedwera mu pologalamu yokonzera chithandizo, ndipo angapo anamwalira. Nkhani imeneyi siyenera kuchepetsedwa. Koma akatswiri a IAEA atafufuza anapeza kuti yankho la kompyuta silinkatsimikiziridwa ndi mawerengedwe ena apadera asanawotche wodwala. Munthu mmodzi wokhala ndi pepala, cholembera ndi nthawi yokwanira akanaona kuti nambalayo yakula modabwitsa. Motero phunziro la ku Panama likundithandiza ine: tikufunika akatswiri okwanira kuti wina awerengetse, wina atsimikizire, ndipo makina aziyezedwa m'mawa uliwonse wodwala woyamba asanalowe. Tili ndi bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority, lokhazikitsidwa potsatira lamulo la 2011, limene ntchito yake ndi kuyang'anira chitetezo cha zinthu zotulutsa cheza. Lipatsidwe mphamvu ndi anthu oti liziyendera zipatala zonse, za boma ndi zomwe si za boma.

Mtsutso wachinayi ndi umene uli ndi mano kwambiri, ndipo mbali yake ina ndikuivomereza. Akuti masamu amenewa anamangidwa pa matupi a azungu odya bwino, opezeka ndi khansa ikadali yaing'ono, ndiye sangalosere za mayi wa kuno. Ena akupitirira kunena kuti tidzasanduka oyeserapo zinthu. Zoonadi pali masamu atsopano amene sanakhwime. Ku Moffitt Cancer Center ku Florida, ku America, kuli gulu la akatswiri a masamu ogwira ntchito limodzi ndi madokotala. Ena a iwo amayeza kukula kwa chotupa pa sikani ziwiri kapena zitatu n'kulosera mmene chidzaphwerere chikamawotchedwa, kuti mlingo usinthidwe chithandizo chili mkati. Mu 2017 ofufuza ena anafalitsa njira yotchedwa GARD, yogwiritsa ntchito majini a chotupa poyerekeza mlingo woyenera munthu aliyense. Izi ndi zolimbikitsa, koma sizinafike poti zikhale chithandizo cha tsiku ndi tsiku ngakhale kwawo komweko, ndipo sindikupempha boma kuti ligule zimenezi mawa. Ndikusiyanitsa masamu oyesedwa kale pa odwala masauzande, amene tiyenera kuwagwiritsa ntchito kuyambira lero, ndi masamu ongoyamba kumene, amene tiyenera kuwafufuza mosamala, wodwala atauzidwa zonse m'chinenero chake, Chimang'anja kapena Chisena, ndipo atavomera yekha.

Koma kusiyana kwa matupi athu sikutipatsa chifukwa chotayira masamu. Buku la mlingo umodzi lija nalonso linalembedwa kuchokera kwa odwala a kunja omwewo, kungoti ilo silingasinthidwe pamene masamu angathe kulandira manambala athu. Ndipo kusiyanako ndi kwenikweni. Mayi amene ali ndi HIV ali pa chiopsezo chodwala khansa ya khomo la chiberekero kasanu ndi kamodzi kuposa mnzake amene alibe, malinga ndi WHO, ndipo thupi lake likhoza kulandira kemo ndi cheza mosiyana. Kuno ku chigwa malungo ndi likodzo zimachepetsa magazi, kutaya magazi kwa khansayo n'kuwonjezera pamwamba. Izi ndi zofunika chifukwa cheza chimagwira bwino pamene pali mpweya wa okosijeni. Maselo a khansa osowa mpweyawu amafuna cheza chochuluka pafupifupi katatu kuti afe, ndipo odwala ochepa magazi amaoneka kuti sachira bwino ngati anzawo. Zotupa zathu zimafikanso zili zazikulu, pakati pake popanda magazi okwanira. Zonsezi zimayezeka. Chofunika ndi kulemba mwadongosolo za wodwala aliyense, kukula kwa chotupa, kuchuluka kwa magazi, masiku amene anajomba, mmene analili patatha chaka ndi patatha zaka zitatu, n'kuzilumikiza ndi kaundula wa khansa wa dziko lino amene ali ku Blantyre. Pakatha zaka zochepa tidzakhala ndi manambala a odwala athu.

Wina asanene kuti kafukufuku wotere sangachitike m'mayiko osauka. Bungwe la IAEA linayendetsa kafukufuku wotchedwa HYPNO pa odwala pafupifupi 800 a khansa ya m'kamwa ndi pakhosi m'mayiko osalemera. Mlingo woyesedwawo, 55 Gy m'masiku 20 m'malo mwa 66 Gy m'masiku 33, anausankha pogwiritsa ntchito masamu olosera, ndipo zotsatira zolengezedwa mu 2023 zinasonyeza kuti njira yaifupiyo siichepa mphamvu. Kwathu konkuno, Chikwawa ndi Nsanje anali m'gulu la maboma amene anayamba kupereka katemera wa malungo mu 2019, dziko lonse lapansi likuyang'ana, ndipo ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome akhala akugwira ntchito ku Chikwawa kwa zaka zambiri. Anthu a kuno kafukufuku amamudziwa, ndipo amadziwa kufunsa mafunso. Chosowa ndi achinyamata athu ophunzira ntchitoyi. Chaka chilichonse University of Malawi ku Zomba imatulutsa ophunzira masamu ndi fizikisi, kulinso MUST ku Thyolo, MUBAS ndi KUHeS ku Blantyre. Boma litenge ena mwa iwo, liwatumize ku maphunziro a fizikisi ya zachipatala, ndipo chachikulu koposa, liwakonzere maudindo ndi malipiro oyenera asanabwerere. Katswiri wobwera n'kupeza kuti udindo wake mulibe m'kaundula wa ntchito za boma sachedwa kutengedwa ndi dziko lina.

Otsutsa omaliza ndi anthu wamba a kuno, ndipo mawu awo ndi achidule: masamu athandiza chiyani munthu wopanda ya basi? Kuchoka ku Nsanje kukafika ku Blantyre ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 180, kukwera mapiri a Chikwawa aja, ndipo Lilongwe ili makilomita ena opitirira 300 kutsogolo. Amene analowapo m'khichini la agadiyani pa chipatala chachikulu amadziwa moyo wake: utsi wa nkhuni zogula, kamphika kamodzi ka nsima ndi ndiwo zomwe, thumba la ufa likuphwa tsiku ndi tsiku, gadiyani akuwerenga ndi maso kuti latsala la masiku angati. Ufa ukatha, chithandizo chathanso, ngakhale dokotala anene zotani. Apa sinditsutsa chilichonse. Popanda malo ogona odwala pafupi ndi makina, chakudya ndi ndalama yoyendera, mawerengedwe abwino amangotsala m'faelo. Chimene ndikukana ndi kuganiza kuti ziwirizi zikulimbana. Mtunda, nyengo ndi thumba la ufa lija ndi manambala nawonso, ndipo ayenera kulowa m'dongosolo la chithandizo kuyambira tsiku loyamba, pamodzi ndi kukula kwa chotupa. Ngati pali njira ziwiri zofanana mphamvu, wochokera kutali apatsidwe yaifupi. Ngati njira yaifupi palibe, monga pa khomo la chiberekero, wodwala wa ku chigwa asayambe kuwotchedwa asanapezeredwe pogona pa masabata 8 onse, makamaka kuyambira Disembala mpaka Malichi.

Zina mwa izi zingayambe m'zipatala zathu zomwezi, ku Chikwawa, ku Nsanje, ku Ngabu, ku Montfort ku Nchalo ndi ku Trinity ku Muona, popanda kudikira makina ena. Kalata yotumizira wodwala ikhale ndi zonse zimene wowerengetsa adzafune: magazi ake ndi ochuluka bwanji, akumwa ma ARV kapena ayi, akuchokera mudzi uti ndipo kumafikika bwanji nthawi ya mvula, ndani adzamudikirira, ndi nambala ya foni ya mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake. Wochepa magazi athandizidwe asananyamuke kuti asakataye sabata akudikira kuikidwa magazi. Wodwala ndi gadiyani wake auzidwe momveka, asanakwere basi, kuti tsiku lililonse lojomba likupatsa khansa mpata, kuti akamva za maliro kumudzi adziwe mtengo wa ulendowo ndipo achibale asawaumirize. Ndipo akajomba ndithu, foni ilire kwa mlangizi tsiku lomwelo, wodwala afunidwe, katswiri ayambe kuwerengetsa za masiku otsalawo iye akadali m'njira.